Batukaras, mudzi wa asodzi ku Java: kafikidwe kake ndi zoyenera kutsata musanaikeko ndalama pa malo

Batukaras ndi mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumwera kwa chilumba cha Java m'dziko la Indonesia. Uli m'dera la Cijulang, m'boma la Pangandaran, chigawo cha West Java chomwe pamapepala a boma chimalembedwa Jawa Barat. Ena amalemba Batu Karas, koma malo ndi omwewo. Kutsogolo kwa mudziwu kuli Indian Ocean, kumbuyo kuli minda ya mpunga, mitengo ya kokonati ndi mtsinje wa Cijulang. Eni mudzi ambiri ndi a mtundu wa Sunda, ndi Asilamu, ndipo ntchito yawo kuyambira makolo ndi usodzi ndi ulimi. Alendo anabwera pambuyo, atamva kuti kuli mafunde ofatsa, aataliatali, abwino kuphunzirirapo kuyenda pamadzi utaima pathabwa. Amene anafikako ku Chembe ku Cape Maclear ali kale ndi chithunzi chake: maboti a asodzi ndi nyumba zogona alendo pagombe limodzi, mwini gombe akadali msodzi.

Malangizowa ndawasanja m'ndondomeko yomwe ndikupempha kuti muitsate osadumpha. Muyambe mwakhala mlendo, kenako mukhale mnansi, nkhani ya malo ibwere kumapeto. Munthu wakunja sangakhale mwini nthaka ku Indonesia, ndipo nyanja imene ikukokerani kumeneko ndi yomweyo imene inapha anthu mazana mu 2006. Zinthu ziwirizi ndizo zikulamulira zonse zili m'munsimu.

1. Pasipoti, viza ndi kalendala

Pasipoti yanu ikhale itatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo pa tsiku lolowa m'dzikolo, ndipo mukhale ndi tikiti yotulukira. Amene ali ndi pasipoti ya Britain kapena South Africa amagula viza akafika pabwalo la ndege, pamtengo wa Rp500,000 (Rp ndi rupiah, ndalama ya ku Indonesia). Imakhala ya masiku 30 ndipo amaiwonjezera kamodzi ndi masiku ena 30. Mwayi umenewu si wa pasipoti iliyonse. Ngati yanu ndi ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, tsegulani tsamba la nthambi yoona zolowa ndi kutuluka, evisa.imigrasi.go.id, musanagule tikiti, ndipo mupemphe viza mukadali kwanu. Kazembe wa Indonesia amene amayang'anira Malawi amakhala ku Maputo, wa Zimbabwe ndi Zambia ali ku Harare.

Viza ya mlendo si yogwirira ntchito. Kuyendetsa nyumba yogona alendo kapena kugulitsa chilichonse muli pa viza yotere kumathera pothamangitsidwa m'dziko. Za chamba ndi mankhwala ozunguza bongo ndinene kamodzi: ku Indonesia wopezeka nazo amalowa m'ndende, ndipo wozembetsa amatha kupatsidwa chilango cha imfa.

Java ili kumwera kwa equator, motero nyengo zake zimayenda pafupifupi ngati zathu. Mvula yamphamvu imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo kuyambira Meyi mpaka Seputembala kumakhala kouma, ngakhale gombe lakumwerali limalandirabe mvula apo ndi apo. Kumatentha chaka chonse, kutentha kwa chinyontho. Ngati mukungofuna kupuma, pitani nthawi youma. Ngati mumtima muli nkhani ya malo, konzani zoti mudzaoneko ndi Januwale, chifukwa ndi mwezi umene nthaka imaonetsa pamene pamadikha madzi.

Pewani sabata ya Lebaran, chikondwerero chomaliza mwezi wa Ramadan, komanso masiku a chaka chatsopano. Misewu imadzaza, zipinda zimakwera mtengo. Lebaran imasuntha chaka ndi chaka, imafulumira ndi masiku pafupifupi 11, choncho onani tsiku lake musanasankhe ulendo.

2. Njira yofikira

Kuchokera kwathu kuno ambiri amadzera ku Johannesburg, Doha, Dubai kapena Singapore n'kukatera ku Jakarta. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa ya Malawi ndi maola 5. Kuchoka ku Jakarta pali njira zitatu.

Yachangu ndi ndege yaing'ono ya Susi Air, yonyamuka pabwalo la Halim Perdanakusuma n'kukatera ku Nusawiru, bwalo lomwe lili m'dera la Cijulang lomwelo. Ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Ndegezi ndi za mtundu wa Cessna Caravan, mipando ndi yochepa, katundu amalola wochepa, ndipo masiku ouluka amasintha, ndiye tsimikizani musanadalire. Mwini kampaniyi, Susi Pudjiastuti, ndi mbadwa ya Pangandaran ndipo anakhala nduna ya zanyanja ndi usodzi kuyambira 2014 mpaka 2019.

Njira yomwe ndimaikonda ndi ya sitima yapamtunda. Mumakwera ku Jakarta, Bandung kapena Yogyakarta n'kutsika pa siteshoni ya Banjar. Matikiti amagulidwa pa apu ya kampani ya sitima, KAI. Kuchoka ku Banjar ndi maola awiri pagalimoto kukafika ku tauni ya Pangandaran, kenako ola lina limodzi, makilomita pafupifupi 35, kukafika ku Batukaras. Kale njanji inkafika mpaka ku Cijulang koma inatsekedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Njira yachitatu ndi basi kapena galimoto yahayala: kuchokera ku Bandung werengani maola 6 mpaka 7 pamsewu wokhotakhota wa m'mapiri.

Pakati pa Cijulang ndi Batukaras pali mlatho wolenjekeka wansungwi wodutsa oyenda pansi ndi njinga zamoto, wolipira kangachepe. Umadula mtunda, koma magalimoto sadutsapo. Wa kabaza wa njinga yamoto, amene kumeneko amamutcha ojek, ndiye adzakuuzani ngati ukudutsika tsiku limenelo. Polowa m'dera la gombe pali geti la boma lodulitsa tikiti. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, koma soketi zamagetsi ndi za mabowo awiri ozungulira, choncho nyamulani adaputala. Tengani ndalama zapamanja ku Cijulang kapena Pangandaran musanalowe m'mudzi.

3. Sabata zoyamba: khalani mlendo wabwino

Pezani chipinda m'nyumba ya banja la komweko m'malo mwa hotela. Mudzamva zambiri pakhonde kuposa zomwe wogulitsa malo angakuuzeni. Dzukani m'mamawa mukaone maboti akubwera. Ndi maboti opyapyala a fayiba, okhala ndi mapiko mbali zonse ziwiri kuti asagubuduke, ndipo nsomba zimapita ku shedi ya okishoni yomwe amaitcha TPI. Masana yendani kumtunda kumene anthu amakwera mitengo ya kokonati kukatenga madzi ophikira shuga wofiira. Chakudya ndi mpunga katatu patsiku, nsomba yowotcha, tempe (chakudya chopangidwa ndi soya), masamba aawisi ndi tsabola wosinja wotchedwa sambal. Funsani pindang gunung, msuzi wansomba wowawasa wa ku Pangandaran wophikidwa ndi chomera chonunkhira chotchedwa honje. Madzi apampopi musamwe. Udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana, ndiye mafuta othamangitsa udzudzu si a usiku wokha. Chipatala chaching'ono cha boma chili ku Cijulang, chachikulu ndi RSUD Pandega ku Pangandaran.

Mafunde otchuka ali ku Legok Pari, kagombe kotetezedwa ndi chitunda cha miyala cholowa m'nyanja. Mchenga wake ndi wakuda. Pamenepo ndi pophunzirira, ndipo aphunzitsi ndi anyamata a m'mudzi momwemo. Malo ena a mafunde, Karang ndi Bulak Bendak, ndi a amene anazolowera kale. Loweruka ndi Lamlungu kumafika mabasi a alendo ochokera ku Bandung ndi Tasikmalaya, gombe n'kudzaza mabanja. Lolemba kumakhala zii. Kusiyana kumeneku kusungeni m'mutu, kudzagwira ntchito pa gawo lomaliza.

Mphindi zochepa kuchoka m'mudzi muli Cukang Taneuh, pomwe alendo amati Green Canyon. Mumakwera boti pamtsinje wa Cijulang n'kulowa pakati pa makoma a miyala odontha madzi. Nthawi youma madzi ake amakhala obiriwira, mvula ikagwa amasanduka matope ndipo nthawi zina amatseka. Lachisanu amatsegula masana, mapemphero atatha.

Ulemu wa kumeneko suvuta kwa munthu woleredwa bwino. Bambo wamkulu ndi Bapak kapena Pak, mayi ndi Ibu kapena Bu. Mnyamata wokulirapo ndi Akang, mtsikana ndi Teteh. Podutsa pamene pakhala anthu mumati punten, iwo amayankha mangga. Pothokoza mumati hatur nuhun. Perekani ndi kulandira ndi dzanja lamanja, vulani nsapato polowa m'nyumba, ndipo zovala zosambira zithere pagombe. Mzikiti umaitana kupemphero kasanu patsiku, koyamba kusanache. Amene akuona kuti zimenezi zidzamusowetsa mtendere adziwiretu kuti mudziwu si wake, asadzavutitse eni ake.

Mukakhalitsa, pemphani mwininyumba akutengereni kwa mkulu wa RT, amene amayang'anira nyumba zochepa zoyandikana. Pamwamba pake pali wa RW, kenako mkulu wa mudzi wonse amene amasankhidwa pa voti ndipo ali ndi ofesi yake. Anthu amenewa ndiwo amadziwa munda uliwonse kuti ndi wa banja liti ndipo unakanganidwapo liti. Mukadzapezeka m'mwezi wa Muharram mudzaona Hajat Laut, mwambo umene asodzi amakongoletsa maboti, kupemphera ndi kupititsa zopereka panyanja. Gombe lonse lakumwera kwa Java lili ndi nkhani ya Nyi Roro Kidul, mfumukazi ya nyanja, ndipo akuluakulu ena amaletsa kuvala zobiriwira m'madzi. Kukhulupirira kapena ayi ndi kwanu, koma osaseka.

4. Dziwani nyanjayi musanaikonde

Pa 17 Julaye 2006, masana, chivomezi cha mphamvu 7.7 chinachitika pansi pa nyanja kumwera kwa Pangandaran. Chinabweretsa tsunami, mafunde aakulu osefukira kumtunda, yomwe inapha anthu oposa 600 m'mbali mwa gombeli, ndipo Batukaras inali m'gulu la midzi yomenyedwa. Chimene chinapha ambiri n'chakuti pamtunda nthaka sinagwedezeke kwambiri. Ena anangomva pang'ono, ena sanamve n'komwe, motero sanathawe. Chomwechonso chinachitika ku Banyuwangi, kummawa kwa Java, mu 1994. Gwero lake silinachoke: pansi pa nyanjayi pali pamene thanthwe lalikulu lonyamula Australia limalowa pansi pa lonyamula Java.

Tsiku loyamba lomwelo funsani njira yothawira. Zikwangwani zake zimalembedwa jalur evakuasi. Iyendeni ndi miyendo yanu mpaka pamtunda, muone kuti ikutengerani nthawi yotani, ndipo ganizirani mutaiyenda usiku muli ndi mwana kumsana. Chiphunzitso chomwe amapereka kumeneko ndi cha 20-20-20: nthaka ikagwedezeka masekondi 20, muli ndi mphindi pafupifupi 20 zofikira malo okwera mamita 20. Ngakhale kugwedezekako kukhale kofooka, kukatalika nyamukani. Nyanja ikaphwa mwadzidzidzi musapite kukaona. Ikani pafoni apu ya Info BMKG, ya nthambi yoona zanyengo ndi zivomezi, ndi InaRISK yomwe imaonetsa mapu a malo angozi. Posambira, khalani pamene pali opulumutsa anthu a Balawista, chifukwa kunja kwa kagombe kotetezedwa madzi amakoka mwamphamvu.

Kwa wofuna malo tanthauzo lake ndi lomveka. Puloti ya pafupi ndi madzi ndiyo yokwera mtengo, ndiyonso yoyamba kumizidwa. Ine ndingasankhe malo okwera, ngakhale alendo anga aziyenda mphindi khumi kupita kugombe.

5. Zomwe lamulo limalola munthu wakunja

Lamulo lalikulu la malo ndi Nambala 5 la 1960. Umwini weniweni, wosatha, umatchedwa Hak Milik ndipo ndi wa nzika za Indonesia zokha. Ndime 26 imanena kuti kusamutsira umwini umenewu kwa munthu wakunja, kaya poyera kaya mozembera, n'kopanda mphamvu: malowo amapita m'manja mwa boma ndipo ndalama zomwe zinaperekedwa sizingaitanitsidwenso.

Pano ndi pamene ambiri amagwa. Dobadoba amakuuzani kuti aliyense amatero, ingolembani malowo m'dzina la mnzanu wa komweko, inu musunge mapepala ena apambali osonyeza kuti ndalama ndi zanu. Musavomere. Pamaso pa khoti mwini malo ndi amene dzina lake lili pa satifiketi. Munthuyo akhoza kukhala wokhulupirika mpaka imfa, koma akamwalira malowo ndi a ana ake, akasudzulana amalowa m'chuma chogawana, akakongola kubanki amagwidwa. Mapepala apambali aja ndi umboni wakuti munazembera lamulo, sangakuombolereni kanthu. Lamulo la zamalonda Nambala 25 la 2007 limaletsanso kusunga masheya a kampani m'dzina la wina.

Njira zololedwa zilipo zitatu, ndipo sizilingana kulemera.

Yoyamba ndi lizi, Hak Sewa. Mumabwereka malo kwa mwini wake kwa zaka zomwe mwagwirizana, nthawi zambiri 20 mpaka 30, pangano n'kulembedwa kwa notaris, munthu wovomerezeka ndi boma kulemba ndi kutsimikizira mapangano. Lizi yotere siilembedwa m'kaundula wa ofesi ya malo, choncho mphamvu yake yonse ili m'mawu a panganolo. Kwa munthu wofuna kanyumba kake kokhalamo miyezi ingapo pachaka, iyi ndiyo yoyenera, ndipo ndiyo yokha imene ndingalimbikitse ambiri.

Yachiwiri ndi Hak Pakai, ufulu wogwiritsa ntchito malo umene umalembedwa m'dzina lanu. Malinga ndi lamulo la boma Nambala 18 la 2021 umakhala wa zaka 30, n'kuwonjezera 20, kenako n'kukonzanso zina 30. Koma boma linaika mtengo wotsikitsitsa wa nyumba yomwe wakunja angagule, ndipo ku West Java ndi Rp5 biliyoni, pamalo osaposa masikweya mita 2,000. Nyumba za mtengo umenewo m'mudzi wa asodzi n'zowerengeka.

Yachitatu ndi kutsegula kampani ya eni akunja, PT PMA, yomwe imatha kukhala ndi Hak Guna Bangunan, ufulu womanga ndi kukhala ndi nyumba pamalo, wa zaka 30, 20 ndi 30. Iyi ndi ya bizinesi yeniyeni. Pamafunika eni masheya osachepera awiri ndi ndondomeko yoikamo ndalama zoposa Rp10 biliyoni, kampani imalembetsedwa kudzera pa njira ya pa intaneti yotchedwa OSS, ndipo imapereka malipoti miyezi itatu iliyonse kuphatikiza za misonkho. Dziwaninso kuti bizinesi ya zipinda zochepa za alendo m'nyumba ya banja, pondok wisata, inasungidwira amalonda ang'onoang'ono a komweko. Ndikuona kuti lamulo limeneli ndi labwino. Ndilo limathandiza kuti mkazi wa msodzi akhale ndi zipinda zake ziwiri zobweretsa ndalama mwezi umene nyanja yakana.

Amene ali pabanja ndi nzika ya Indonesia alembe pangano losiyanitsa chuma kwa notaris, apo ayi mnzawoyo amataya mwayi wokhala ndi Hak Milik. Kuyambira pa chigamulo cha khoti loona za malamulo oyendetsera dziko cha 2016, panganoli limatheka ngakhale ukwati utamangidwa kale.

6. Fufuzani malowo, pamapepala ndi pansi

Safunsa anadya phula, ndipo pankhani ya malo phulalo ndi la ndalama za moyo wonse. Gawo ili musalithamangire.

Pezani loya wanu, osati amene wabwera ndi wogulitsa. Pezaninso womasulira wanu. Kenako yambani ndi satifiketi yeniyeni, osati fotokope. Notaris kapena PPAT, mkulu wovomerezeka kulemba zikalata zogulitsana malo, amakaifufuza ku ofesi ya malo ya boma, BPN, kuti aone ngati dzina, kukula ndi malire zikugwirizana ndi kaundula, komanso ngati malowo sanapinyolitsidwe kubanki kapena kutsekedwa chifukwa cha mlandu. Mapu a pa intaneti a BPN otchedwa Bhumi amathandiza kuona chithunzi choyamba, koma salowa m'malo mwa kufufuzako.

M'midzi muli malo ambiri opanda satifiketi, ongokhala ndi kalata yakale ya msonkho yotchedwa girik kapena Letter C. Lamulo la 2021 lija linapereka zaka zisanu zoti makalata otere alembetsedwe, ndipo kupyola pamenepo samatengedwanso ngati umboni wokwanira wa umwini. Mwini malo ayambe watulutsa satifiketi, inu mubwere pambuyo. Malo a wakaf operekedwa ku ntchito zachipembedzo, malo a chuma cha mudzi ndi malo a nkhalango za boma sagulitsidwa, ngakhale wina atakuonetsani kalata yodindidwa.

Funsani kuti ayenera kusaina ndani. Ngati mwini malo ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake asainenso. Ngati ndi malo amasiye, olowa m'malo onse asaine, kuphatikizapo amene akugwira ntchito ku Jakarta kapena kunja kwa dziko. Mlongo mmodzi woiwalika ndi wokwanira kuimitsa zomanga zanu kwa zaka.

Kenako ntchito ya malowo. Lamulo la pulezidenti Nambala 51 la 2016 limati mamita osachepera 100 kuchokera pamene madzi amafika akasefukira kwambiri ndi malire a gombe, sempadan pantai, ndipo si omangapo nyumba za munthu payekha. Mudzaona nyumba zoima kale m'kati mwa mzerewo. Zimenezo sizikupatsani ufulu, ndipo tsiku limene boma lidzakonze gombe mlendo ndiye sadzakhala ndi womulankhulira. Munda wa mpunga nawo ukhoza kukhala m'gulu la minda yotetezedwa yomwe siisinthidwa kukhala puloti. Chikalata chotsimikizira kuti zomwe mukufuna kumanga zikugwirizana ndi pulani ya boma chimatchedwa KKPR. Chipezeni ndalama zisanatuluke.

Mtengo wa malo kuderali amautchula pa bata, ndipo bata imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 14. Wosadziwa amamva mtengo wa bata n'kuganiza kuti ndi wa mita, kapena amauzidwa wa mita pamene anansi amagulitsana pa bata. Sinthani zonse zikhale muyezo umodzi, kenako funsani anthu atatu kapena anayi osadziwana kuti malo oyandikira anapita pa zingati.

Tsopano pitani pamalopo ndi oyeza malo, anansi a mbali zonse alipo, zikhomo za malire ziikidwe onse akuona. Onani njira yolowera: kodi ndi msewu wa mudzi, kapena ndi kanjira kodutsa m'munda wa munthu amene mawa akhoza kutseka ndi mpanda? Lawani madzi a chitsime chapafupi, chifukwa kufupi ndi nyanja amakhala amchere, makamaka kumapeto kwa nthawi youma. Onani mtunda wofika pa pholo la magetsi a PLN, kampani ya boma ya magetsi. Bwererani mvula itagwa usiku wonse. Funsani okalamba kuti madzi a 2006 anafika pati, adzakulozerani.

Wogulitsa akadzayamba za msewu waukulu wolipira wa Getaci, woyenera kulumikiza Gedebage, Tasikmalaya ndi Cilacap, mvetserani koma musalipire mtengo wa msewu umene kulibe. Ntchitoyi yakhala ikuchedwa zaka ndi zaka. Lipirani malo monga alili lero.

7. Pangano ndi malipiro

Lamulo Nambala 24 la 2009 limafuna kuti pangano lokhudza nzika ya Indonesia lilembedwe m'chinenero cha dzikolo. Lembani m'zinenero ziwiri, womasulira wolumbira atsimikize kuti zikunena zofanana, ndipo mudziwe kuti pakabuka mkangano lotsatidwa ndi liti.

Ngati ndi lizi, izi zisasowemo: kuti panganoli likumanganso ana a mwini malo ndi aliyense amene angadzagule malowo, njira yowerengera mtengo wowonjezera zaka, osati mawu akuti tidzakambirana, ufulu wanu womanga, wobwereketsa kwa wina ndi wosiyira ana anu zaka zotsala, chomwe chidzachitikire nyumbayo lizi ikatha, kuti mwini malo sadzapinyolitsa satifiketi, ndi amene azilipira msonkho wa pachaka wa malo, PBB. Pa ndalama za lendi boma limatenga 10 peresenti kwa wolandira, ndiye gwirizanani poyera ngati mtengo mwatchulawo waphatikiza msonkhowo. Ngati ndi kugula kudzera ku kampani, wogula amalipira msonkho wa BPHTB wofika 5 peresenti, wogulitsa 2.5 peresenti, ndipo chikalata chogulitsana chimalembedwa ndi PPAT yekha.

Malipiro onse m'dzikolo amayenera kukhala a rupiah. Lipirani kudzera kubanki, ku akaunti ya munthu amene dzina lake lili pa satifiketi, pang'onopang'ono malinga ndi zomwe zakwaniritsidwa. Chikole chikhale chochepa ndipo chilembedwe kuti chidzabwezedwa kufufuza kukapeza vuto. Wina akakuuzani kuti mulembe mtengo wotsika pachikalata kuti msonkho uchepe, kanani, chifukwa ndalama zosalembedwazo simudzatha kuzitsimikiza. Ngati ndalama zikuchokera ku Malawi, kambiranani ndi banki yanu musanalonjeze tsiku lolipira, popeza kutumiza ndalama zokaika m'bizinesi kunja kumafuna chilolezo cha Reserve Bank of Malawi.

8. Kumanga ndi kuwerengera phindu

Musakumbe maziko musanalandire chilolezo chomangira, PBG, chomwe chinalowa m'malo mwa IMB mu 2021, ndipo nyumba ikatha pamafunika chikalata cha SLF chotsimikiza kuti ndi yoyenera kukhalamo. Mangani moganizira chivomezi: mizati yomangidwa pamodzi ndi zitsulo zokwanira, denga lopepuka. Mpweya wamchere umadya malata, maloko ndi mawaya, chiswe chimadya matabwa, chinyontho chimadetsa makoma. Ndalama zokonzetsera chaka ndi chaka zilowe m'bajeti kuyambira pachiyambi. Dzenje la zonyansa likhale kutali ndi chitsime chanu ndi cha mnansi, ndipo konzani kumene zinyalala za alendo anu zizipita, kuti zisathere mumtsinje n'kukakodwa m'maukonde a asodzi. Inshulansi ya nyumba ifunseni mwatchutchutchu ngati ikuphatikiza chivomezi ndi tsunami, chifukwa nthawi zambiri zimenezi amazigulitsa padera.

Za phindu, musatenge ziwerengero za pa kapepala kotsatsa. Khalani m'mudzimo Lachiwiri la mwezi wa Febuluwale, muwerenge nokha zipinda zoyaka magetsi usiku. Alendo ambiri a Batukaras ndi a ku Indonesia komweko, amabwera Loweruka ndi pa tchuthi, m'magulu a mabanja, ndipo amayang'ana mtengo. Akunja okwera mafunde amakhalitsa koma ndi ochepa, ndipo ulendo wa maola ambiri kuchokera ku Jakarta umawachepetsa. Pa zomwe mwapezazo chotsani msonkho wa boma la Pangandaran pa malo ogona, malipiro a antchito osatsika pa omwe boma limakhazikitsa chaka ndi chaka, ndi THR, malipiro a mwezi wowonjezera omwe lamulo limafuna kuti wantchito alandire chikondwerero chake chisanafike. Pa lizi kumbukiraninso kuti chaka chilichonse chikatha chomwe mungagulitse chikuchepa, motero ndalama zanu ziyenera kubwerera zaka zisanathe.

Amisiri, ophika ndi olonda lembani a m'mudzimo, ndipo musanayambe kutsitsa mchenga pitani ndi mwini malo kwa mkulu wa RT mukamufotokozere zomwe mukumanga, masiku omwe malole azidutsa ndi njira yomwe azidzera. Lachisanu masana ntchito iime kuti amisiri apite ku mzikiti.